Kutentha si kumodzi: mmene tinasankhira pakati pa Houston ndi Phoenix

Nkhani yosamuka inayambira pa zala za amayi. Tinakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, zaka 9, ndipo chaka chilichonse Novembala akangofika, mphepo yochokera kunyanja ya Michigan inkayamba kutithira sinowo, osaleka mpaka Malichi. Ine ndi amuna anga tinazolowera. Mwana wathu anabadwira momwemo, kwina sankakudziwa. Koma amayi, amene anabwera kudzakhala nafe bambo atatisiya, thupi lawo linakana. Ali ndi zaka 71, ali ndi nyamakazi, amamwanso mankhwala a BP. Nyengo yozizira ya 2023 kulowa 2024 anatha miyezi inayi osaponda panja, kupatula masiku opita kwa dokotala. Ankangokhala pampando wa pawindo atadzikulunga bulangete, kuyang'ana magalimoto odutsa. M'mawa wina ndikuchokera ku naiti ndinawapeza akulimbana ndi chivindikiro cha botolo la mankhwala, zala zitauma gwa. Nditawatsegulira anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, "Mwananga, dzuwa la kuno limangowala, silifika m'mafupa." Tsiku limenelo sindinagone. Ndinayatsa kompyuta n'kuyamba kufunsira ntchito kumadera otentha.

Ndine namwino, ndipo ntchito sinavute. Pofika Juni 2024 zipatala ziwiri zinali zitandiyankha, china cha ku Houston, ku Texas, china cha ku Phoenix, ku Arizona. Amuna anga ndi a zamagetsi, amakoka mawaya m'nyumba, ntchito yopezeka kulikonse kumene anthu akumanga. Mizinda yonseyi ndi ikuluikulu, Houston wachinayi kukula m'dziko la United States, Phoenix wachisanu. Chotsala chinali kungoloza umodzi.

Ndikanakhala ndekha ndikanaloza Houston usiku womwewo. Ndinangoyang'ana manambala. Mu Julayi, tsiku wamba, ku Phoenix masana kumafika madigiri 41 pa sikelo ya Celsius, pamene ku Houston kumakhala cha m'ma 34 kapena 35. Ndinati nkhani yathera pamenepa. Amuna anga ndi amene anandiimitsa. Anati, "Mayi, mzinda sitiukonda pa zithunzi zojambulidwa mu Febuluwale. Tiyeni tikauone mwezi umene eni ake amaudandaula." Tinapempha tchuthi kawiri, ndipo maulendo onse awiri tinapita tonse anayi, amayi ndi mwana yemwe.

Ku Houston tinafika kumapeto kwa Julayi. Chitseko cha pabwalo la ndege chitangotseguka, magalasi anga anachita nthunzi moti ndinayamba ndaima, kutsogolo osakuona. Mpweya unali wolemera, wofunda, wonyowa ngati wa m'bafa munthu akangotuluka kosamba madzi otentha. Tisanafike pomwe panali galimoto, malaya anali atamatirira kale kumsana.

Zimene zimachitika m'thupi pamenepa ndinaziphunzira kalekale kusukulu ya unamwino, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinazimva pakhungu langa. Thukuta palokha siliziziritsa munthu. Chimene chimaziziritsa ndi kuuma kwake: madzi akamachoka pakhungu kusanduka nthunzi, amanyamula kutentha n'kupita nako. Tsono mpweya ukakhala kuti wakhuta kale madzi, thukuta limasowa kolowera. Limangoyenderera, thupi likutaya madzi koma osapepukidwa. Houston ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera kunyanja ya Gulf of Mexico, ndipo mphepo ya miyezi yotentha imachokera kumeneko itasenza chinyezi. N'chifukwa chake madigiri 34 a kumeneko thupi limawamva ngati 40 kapena kuposa, ndipo ngakhale uthawire pamthunzi, chinyezicho umachipeza chafika kale.

Komabe mzindawo unandikoka mtima. Ndi wobiriwira. Mvula imagwa pafupifupi mamilimita 1,300 pachaka, ndipo m'misewu ina mitengo imatambasula nthambi mpaka kukumana pamwamba, galimoto n'kumadutsa ngati ili m'phanga la masamba. Tsiku lachiwiri m'mawa tinapita ku Hermann Park. Amayi anakhala pabenchi pansi pa mtengo, anavula nsapato, n'kuika mapazi pa kapinga. Ndinawaona akutambasula zala za m'manja chimodzichimodzi, kuzifumbata, kuzitambasulanso, osachita tsinya. Anati, "Kuno ndiye kuli moyo." Kumbali ya kumwera chakumadzulo kwa mzindawo tinapeza anthu ochokera m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo ndinaganizira mwana wanga ali m'kalasi mmene nkhope yake siikhala yokhayo yakuda. Palinso Texas Medical Center, dera lonse la zipatala ndi masukulu a zaumoyo okhaokha, limene limadziwika kuti ndi lalikulu kuposa lina lililonse la mtundu wake padziko. Kwa namwino, pamenepo ndi pamene ntchito ingakulire mpaka pomwe mwini wake wafunira.

Koma walira mvula walira matope. M'mbali mwa misewu yambiri munali milu ya nthambi ndi zitsa zodikira kuti zidzatoledwe, ndipo madenga ena anali atafunditsidwa malona. Namondwe wotchedwa Beryl anali atadutsa pa 8 Julayi, milungu yosakwana itatu ife tisanafike. Pa mndandanda wa mphamvu za anamondwe anali wa pagulu loyamba, lotsikitsitsa, komabe anathimitsa magetsi m'nyumba ndi m'mabizinesi oposa 2 miliyoni, ndipo ena anakhala mumdima kupitirira sabata, mkati mwa kutentha kuja. Anthu ena anafa namondwe atapita kale, osati ndi mphepo kapena madzi, koma ndi kutentha m'nyumba zopanda magetsi. Mayi wina wachikulire, woyandikana ndi nyumba imene tinapita kukaiona, anatiuza kuti iye anatha masiku 8 opanda magetsi. Usiku ankakakhala m'galimoto panja, injini ikulira, kuti apeze kamphepo kozizira, mankhwala ake a shuga atawaika m'kabokosi ka ayisi. Ankalankhula akuyang'ana amayi anga, ndipo ndinadziwa chimene ankatanthauza.

Nyumba ija inali yokongola, penti yatsopano, pansi ponyezimira. Ine ndinkayang'ana zipinda, amuna anga ankayang'ana masoketi. Anaona kuti onse ali m'mwamba kuposa mmene amaikidwira nthawi zonse. Anagwada, anayendetsa dzanja pakhoma, ndipo cha m'chiuno anapeza kamzere pamene khoma latsopano la m'munsi linalumikizidwa ndi lakale. Analowetsa mutu m'kabati ya pansi pa sinki n'kununkhiza. Atadzuka anandinong'oneza, "Nyumba iyi inamwapo madzi." Titamufunsa amene ankationetsayo anavomera kuti inalowa madzi mu 2017.

Chaka chimenecho ndi cha namondwe Harvey, amene mu Ogasiti anaima pamwamba pa derali kwa masiku anayi, kukhuthula mvula yoposa mamilimita 1,000 m'madera ambiri a Houston. Kum'mawa kwake, cha ku tauni ya Nederland, inapitirira mamilimita 1,500. Mzindawo ndi wathyathyathya, uli mamita ochepa chabe pamwamba pa nyanja, nthaka yake ndi ya dongo losamwa madzi msanga, ndipo malo ambiri amene kale ankamwa madzi anaphimbidwa ndi konkire. Madzi amadalira timitsinje toyenda pang'onopang'ono ngati Buffalo Bayou. Madamu awiri a kumadzulo, Addicks ndi Barker, atadzaza, anatsegulidwa kuti asaphulike, ndipo nyumba za kumunsi kwake zinamira pamene za kumtunda zinali zitamira kale. Chimene chinandisautsa kwambiri n'chakuti nyumba zambiri zimene zinalowa madzi zinali kunja kwa madera amene mapu a boma amati ndi a chiopsezo chachikulu. Ndiye kuti ngakhale munthu wosamala, wofufuza mapu asanasaine, angathe kudzuka mapazi ali m'madzi.

Usiku umenewo mwana anatsokomola mpaka tinamupopera mankhwala ake. Ali ndi mphumu, ndipo chimene chimamudzutsira matendawo kwambiri ndi nkhungu ya m'makoma onyowa.

Mawa lake ndinapita kukacheza ndi amene akanakhala akuluakulu anga kuchipatala. Anandilandira bwino kwambiri, anandionetsa zitseko zachitsulo zotchinga madzi zimene zipatala za kumeneko zinaika pambuyo pa namondwe Allison wa mu 2001, amene anamiza zipinda zapansi za zipatala zambiri. Kenako anandifotokozera dongosolo la nthawi ya namondwe. Ogwira ntchito amagawidwa pawiri. Gulu loyamba limalowa mphepo isanafike, aliyense ndi chikwama cha zovala, ndipo limagona momwemo mpaka misewu itatseguka, kaya ndi masiku awiri kaya anayi. Gulu lachiwiri limadzalandira zinthu zikadutsa. Dongosololi ndi loyenera, odwala sangasiyidwe okha, ndipo ine ntchito yotere sindiithawa. Koma ndikutuluka m'chipinda chija, m'maso mwanga munali amayi ndi mwana ali m'nyumba, magetsi atazima, madzi akukwera pakhonde, ine nditatsekeredwa kutsidya lina la mzinda.

Ku Phoenix tinapita pakati pa Ogasiti. Chaka chimenecho mzindawo unali mkati mwa masiku 113 otsatizana amene kutentha kunafika madigiri 100 pa sikelo ya Fahrenheit, omwe ndi pafupifupi 38 a Celsius, kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka pakati pa Seputembala. Kutuluka panja kunali ngati kusuzumira mu uvuni. Mphepo yotentha inatimenya kumaso, m'mphuno munauma nthawi yomweyo. Chitsulo cha lamba wa m'galimoto chinamuotcha mwana pantchafu mpaka analira, ndipo chiwongolero amuna anga anachigwira ndi mpango. Koma malaya anali ouma. Thukuta limatuluka, lambirinso, kungoti mpweya umalimwa lisanaoneke, ndipo madzulo umangopeza mizere yoyera ya mchere kumsana kwa malaya. Ogasiti ndi mwezi umene kumeneko amati kuli chinyezi, poti ndi nyengo ya mvula yawo yochepayo, koma kwa ife ochokera ku Houston kunali kouma ngithu. Ukalowa pamthunzi, kusiyana kwake umakumva.

Kuuma kumeneku n'kumene kumapusitsa. Tsiku lachiwiri masana amayi anangoti zii, osalankhula. Podzuka pampando anadzandira n'kugwira khoma. Ndinawatsina pang'ono khungu la padzanja, linachedwa kubwerera, lilime louma. Ndinawafunsa, "Amayi, mwamwa madzi ochuluka bwanji lero?" Anati, "Ndilibe ludzu, mwananga." Munthu akamakula ludzu limachedwa kumuuza, ndipo ena mwa mankhwala awo a BP ndi okodzetsa, amachotsa madzi m'thupi. Ku Houston thukuta linkawakumbutsa lokha. Kuno panalibe chowakumbutsa. Ndinawagoneka m'chipinda chozizira, miyendo m'mwamba, n'kumawamwetsa pang'onopang'ono, ndipo pofika madzulo anali atayambanso kucheza. Koma ndinachita mantha kwambiri, ndipo usiku umenewo ndinali wokonzeka kufufuta dzina la Phoenix.

Usikunso wake ndi wina. Anthu amati kuchipululu dzuwa likalowa kumazizira, ndipo kutchire n'zoona, koma osati pakati pa mzinda. Cha m'ma 10 koloko usiku ndinatsika kukatenga chikwama m'galimoto, ndinatsamira khoma, linali lofunda ngati lili ndi malungo. Konkire ndi phula zimamwa dzuwa tsiku lonse n'kumalilavula usiku wonse. Pa 19 Julayi 2023 kutentha kotsikitsitsa kwa tsiku lonse kunali madigiri 36, ndiye kuti m'bandakucha. Chilimwe chimenecho kunadutsa masiku 31 otsatizana ofika madigiri 43 kapena kuposa, ndipo m'boma la Maricopa, mmene muli Phoenix, anthu 645 anafa ndi zifukwa zokhudzana ndi kutentha chaka chimodzi chokhacho. Ambiri anafera panja, ochuluka mwa iwo osowa pokhala. Amene anafera m'nyumba ambiri anali achikulire, ndipo nthawi zambiri AC, makina oziziritsa m'nyumba, inali yowonongeka kapena yosayatsa. Anamwino a kumeneko anandiuzanso za odwala amene sindinawaonepo ku Indiana: munthu wagwa pamsewu kapena pakhonde la konkire masana, walephera kudzuka msanga, ndipo wapsa ngati wagwera pamoto, chifukwa phula limatha kupitirira madigiri 70. Ndinaganizira mawondo a amayi.

Za madzi ndinawerenga kwambiri, chifukwa mzinda wolandira mvula ya mamilimita 180 okha pachaka uyenera kufunsidwa kuti umamwa kuti. Oposa theka la madzi a mzinda wa Phoenix amachokera ku mitsinje ya Salt ndi Verde, yodyetsedwa ndi sinowo wa m'mapiri a Arizona. Ambiri mwa otsalawo amachokera ku mtsinje wa Colorado, kudzera mu ngalande ya Central Arizona Project ya makilomita oposa 500. Mtsinje umenewo ndi umene ukuchepa. Mu Ogasiti 2021 boma la United States linalengeza koyamba kuti madzi ake aperewera, ndipo Arizona ndi amene anadulidwa gawo lalikulu, ngakhale kuti ululu woyamba anaumva ndi alimi. Mu Januwale 2023 anthu a ku Rio Verde Foothills, kunja kwa Scottsdale, mzinda woyandikana ndi Phoenix, amene ankadalira madzi obwera pa mathanki a galimoto, anapezeka kuti kumene ankatungako kwatsekedwa. Apa ndinaphunzira kuti m'chigwa cha Phoenix sufunsa kuti mzindawu uli ndi madzi kodi, umafunsa kuti nyumba iyi madzi ake amachokera kwa yani. Anthu akale a Hohokam anakumba ngalande m'chigwa chomwechi zaka mazanamazana zapitazo, ndipo zina za lero zimatsata mizere yawo yomweyo. Moyo wa kuno wakhala wodalira ngalande kuyambira kale.

Pali chinanso chimene munthu wakuda ayenera kuchidziwa asanasamukire ku Arizona. M'nthaka ya kumeneko muli kankhungu kotchedwa Coccidioides, kamene kamauluka ndi fumbi n'kulowa m'mapapo, kuyambitsa matenda amene amawatchula kuti valley fever. Ambiri amachira osadziwa n'komwe kuti anadwala, ena amatsokomola ndi kufooka kwa milungu. Koma mwa ochepa amafalikira m'mafupa, pakhungu, ngakhale ku ubongo, ndipo anthu a makolo ochokera ku Africa ndi ku Philippines ali pachiopsezo chokulirapo cha mtundu woopsawo. Amuna anga amagwira ntchito pamalo omanga, pamene nthaka imakumbidwa tsiku lililonse. Nkhani imeneyi sitinaipeputse.

Titabwerera ku South Bend tinakangana milungu itatu, mwaulemu koma mwamphamvu. Chodabwitsa n'chakuti tinali titasinthana mbali. Ine amene ndinkafuna Houston ndinayamba kukayika, amuna anga ndi amene anaima pa Houston. Anali ndi zifukwa zomveka. Iwo ndi amene azikwera kudenga kukakoka mawaya mu Julayi. Anapezanso kafukufuku wa mu 2023 wonena kuti magetsi atati azime mzinda wonse wa Phoenix kwa masiku angapo pa nthawi ya kutentha koopsa, pafupifupi theka la anthu ake lingafunike thandizo lachangu kuchipatala. Anati, "Mayi, mzinda umene moyo wake wonse wapachikidwa pa waya ine ndimauopa, chifukwa mawaya ndimawadziwa." Ndinalibe chowatsutsa nacho, kupatula kuwakumbutsa mayi wogona m'galimoto uja. Houston nayenso wapachikidwa pa waya womwewo, ndipo chimene chimagwetsa mawaya ake, namondwe, nyengo yake ndi Juni mpaka Novembala, ndiye kuti kawirikawiri chimabwera pamodzi ndi kutentha. Ngakhale kuzizira kunawagwetsapo: mu Febuluwale 2021 magetsi anazima m'madera ambiri a Texas kwa masiku, ndipo boma la chigawocho linawerenga anthu 246 amene anafa. Ku Phoenix nakonso mphepo za mvula zimagwetsa mapolo, koma kawirikawiri m'dera limodzi, ena onse akuyaka.

Chimene chinamasula mfundo ndi pepala limodzi. Tinali takhala tikuyerekeza masiku abwino, mitengo, mapaki, ntchito, ndipo pamenepo Houston ankapambana nthawi zonse. Usiku wina ndinati tisiye zimenezo, tilembe tsiku loipitsitsa la mzinda uliwonse, ola ndi ola, ndi pamene aliyense wa ife anayi adzakhale ali.

La Houston linatuluka chonchi. Chenjezo labwera masiku atatu kapena anayi m'mbuyo, koma palibe akudziwa bwinobwino kumene namondwe akhotere. Ine ndaitanidwa, ndili m'chipatala, sindituluka. Kunyumba magetsi azima usiku. Msewu wasanduka mtsinje, galimoto siyenda. Amuna anga ali ndi mayi wosatha kukwera masitepe mwachangu ndiponso mwana amene makina ake opumira mankhwala amafuna magetsi. Madzi akaphwa, kutentha ndi chinyezi zikudikira, kenako nkhungu m'makoma kwa miyezi.

La Phoenix linali lalifupi. Ndi Julayi, 3 koloko masana, kunja madigiri 45, AC yafa. M'nyumba muyamba kuopsa pakangopita maola ochepa. Chochita n'kutenga makiyi, kukweza amayi ndi mwana, kupita pamalo ozizira, kaya ku laibulale, kaya kumalo amene mzinda umatsegula kuti anthu azithawirako kutentha. Misewu ndi youma, galimoto ikuyenda, ine ndingathe kuchoka kuntchito n'kufika. Zitavuta mzinda wonse, Flagstaff ali pa ulendo wa maola awiri ndi pang'ono kumpoto, pamtunda wa mamita 2,100, kumene kumakhala kozizirirapo ndi madigiri oposa 10.

Tsiku la Phoenix lingathe kupha msanga kuposa la Houston, zimenezo sindikubisa. Koma pafupifupi chilichonse cholembedwa pansi pake chinali chinthu chimene manja athu angachikonzekere mu Epulo. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma kutentha kwa Phoenix kumaimba. Kumayamba kugunda mu Meyi, chaka chilichonse, mwezi womwewo, ndipo palibe amene anganene kuti kwamudzidzimutsa. Banja lathu, ndi nkhalamba imodzi, mwana wa mphumu ndi mayi wogwira ntchito yosathawika, lingathe kulimbana ndi mdani wodziwika tsiku lobwera kusiyana ndi wobwera usiku ine kulibe.

Amayi anamvetsera zonsezi ali chete, manja pamiyendo. Tinawafunsa maganizo awo pomaliza, ngakhale kuti ulendo wonsewu unali wa iwo. Anati, "Ine mtima wanga unatsala kobiriwira kuja, sindinama. Koma madzi akabwera ine sindingathamange, ndipo sindifuna kuti bambo awa adzasankhe pakati pa kunyamula ine ndi kunyamula mwana." Amuna anga anayang'ana pansi nthawi yaitali. M'mawa mwake anayamba kufufuza za laisensi ya ntchito yawo ku Arizona.

Zimene tinataya ndimazidziwa ndipo zimandiwawabe. Mwana wanga ali m'kalasi mmene ofanana naye ndi owerengeka. Ntchito yanga ndi yabwino, koma si ya pamalo aja. Masiku ena ndikamayendetsa galimoto pakati pa mipanda yotuwa ndi mabwalo a miyala, ndimakumbuka msewu wa mitengo yokumana pamwamba uja mpaka kukhosi kumandithina. Tikanakhala awiri okha, achinyamata, okhala m'chipinda cha pamwamba, ndikukhulupirira kuti bwenzi tili ku Houston, ndipo anthu mamiliyoni amene amakhala kumeneko sanalakwitse.

Tinasamuka mu Novembala 2024. Nyumba tinaisankha ndi mafunso amene chaka chapitacho sindikanawaganizira. AC ili ndi zaka zingati, ndipo ikawonongeka Loweruka usiku amabwera ndani? Malamulo a mzinda wa Phoenix amati nyumba ya lendi yokhala ndi AC iyenera kutha kuzizira kufika madigiri 28 kapena kutsika, ndipo tinaonetsetsa kuti mwini nyumba akudziwa kuti ife tikulidziwa lamulolo. Madzi ndi a mzinda kapena a chitsime? Mawindo akuluakulu ayang'ana kuti? Tinakana nyumba ina yabwino chifukwa chipinda chimene akanagona amayi chinayang'ana kumadzulo, kopanda mtengo, kumene dzuwa la masana limamenya khoma mpaka kulowa. Imene tinatenga ili ndi pogona galimoto pofolera, ndipo kuchoka pagalimoto kufika pakhomo ndi mapazi ochepa, onse pamthunzi. Amuna anga anagula AC ina yaing'ono ya pawindo, yosungira tsiku loipa, ndipo aiyesa kale kawiri. Kuntchito amavala chotchinga kumphuno pamene pakukumbidwa, ndipo tinagwirizana kuti chifuwa chilichonse chopitirira sabata tikayezetsa valley fever osadikira. Dokotala wa amayi anaonanso mankhwala awo n'kutiuza zoyenera kusintha kutentha kukafika.

Disembala ndi Januwale masana kunkakhala cha m'ma 19 kapena 20, kumwamba kopanda mtambo. Amayi anatuluka panja tsiku lililonse. Botolo la mankhwala amatsegula okha. Sindinena kuti nyamakazi yatha, siitha, koma munthu amene amayenda tsiku ndi tsiku mafupa ake samauma ngati wokhala pawindo miyezi inayi.

Pano ndi Meyi, ndipo ng'oma ija yayamba kumveka. Chilimwe chathu choyamba chili pakhomo. Arizona sasintha mawotchi ngati zigawo zina, choncho dzuwa limatuluka cha m'ma 5:30, ndipo masiku amene sindili ku naiti timadzuka 5 koloko kuti tiyende kusanatenthe. Amayi ali ndi botolo la madzi limene mdzukulu wawo analilemba mizere ndi maola, ndipo ndi iye amene amawalondola: "Agogo, simunafike pa mzere wa 10 koloko." Foni amaivala m'khosi pa chingwe, ngakhale akungopita kukataya zinyalala. Lero m'mawa tinayenda mpaka pangalande. Mitengo ya palo verde yagwetsa maluwa achikasu, njira yonse yachita chikasu, ndipo amayi anaima kuwayang'ana, ndodo ili m'manja. Dzuwa litangokwera pamwamba pa madenga anawerama pang'ono, anakhudza mpanda wa konkire ndi kuseri kwa dzanja monga ndinawaphunzitsira, n'kundiyang'ana.

"Tiye tizibwerera, mwananga. Layamba kuluma."